Ophunzira malamulo a ku India, mlandu wa chuma chamasiye umadutsanso kupolisi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata amene akuphunzira zamalamulo, makamaka iwo amene akukumana ndi malamulo a dziko la India, kaya ali komweko kaya akungowawerenga poyerekeza ndi a mayiko ena. Pali maphunziro awiri amene pa ndandanda wa mayeso amaikidwa motalikirana, lina ndi la kayendetsedwe ka milandu ya upandu kuyambira pomwe munthu wakadandaula kupolisi mpaka chigamulo, linalo ndi la kagawidwe ka chuma chamasiye m'mabanja a Ahindu. Wophunzira amaloweza ili padera, ilo padera, kulemba mayeso, kukhoza, basi. Koma mayi amene watsekeredwa kunja kwa nyumba ya bambo ake ndi mchimwene wake sabwera kwa loya ndi mafunso awiri ayi, amabwera ndi vuto limodzi, ndipo nthawi zambiri amakhala atadutsa kale kupolisi, mwina atabwezedwa, mwinanso iyeyo ndi amene watsekuliridwa mlandu. Nchifukwa chake ndikuti maphunziro awiriwa muziwawerengera pa tebulo limodzi.

Tiyambe ndi chumacho. Lamulo la chuma chamasiye la 1956, Hindu Succession Act, lisanabwere Ahindu ambiri ankatsata chiphunzitso cha Mitakshara chimene analemba Vijnaneshwara, pomwe ku Bengal ndi ku Assam ankatsata Dayabhaga ya Jimutavahana. Ku Mitakshara mwana wamwamuna akangobadwa, tsiku lomwelo ali kale ndi gawo pa chuma cha makolo chimene bambo ake analandira kwa agogo, sadikira maliro a munthu ayi, ndipo ufulu umenewu umathera pa mibadwo inayi, mwini wake, ana, zidzukulu ndi ana a zidzukulu, onse aamuna okhaokha. Gulu limeneli ndi lomwe mabuku amati coparcenary, wamkulu woyendetsa zinthu ndiye karta. Mmodzi akamwalira gawo lake linkangolowa mwa amuna otsalawo, wina akabadwa magawo a onse ankachepa. Ku Dayabhaga kulibe zoti gawo pobadwa, bambo ali moyo chuma nchawo, ana amadikira.

Mkazi wamasiye anayamba kuwerengedwa bwinoko mu 1937 pomwe lamulo linamulola kutenga gawo la malemu mwamuna wake, koma linali longodyerapo ali moyo, kugulitsa mwa kufuna kwake sakanatha, akamwalira linkabwerera kuchimuna. B. R. Ambedkar, nduna ya zamalamulo India itangolandira ufulu, analimbikira kuti malamulo a banja la Ahindu akonzedwe onse kamodzi, otsutsa anali ambiri, bilu inakakamira mnyumba ya malamulo, ndipo mu 1951 iye anatula pansi udindo. Zomwe ankafunazo zinadzadutsa mzidutswazidutswa, la ukwati mu 1955, kenako mu 1956 Hindu Succession Act pamodzi ndi ena awiri okhudza kulera ana ndi chisamaliro. Hindu Succession Act imakhudzanso Asikh, Abuda ndi Ajaini, koma Asilamu, Akhristu, Aparsi ndi Ayuda ali ndi awoawo, ndipo mitundu ya m'gulu la Scheduled Tribes, mafuko amene boma linaika pa mndandanda wapadera, sekishoni 2 inaisiya kunja. Sekishoni 14 inati chilichonse chimene mkazi ali nacho nchake kotheratu. Sekishoni 8 inati bambo akamwalira osasiya wilo, oyamba kulandira ndi a Class I, muli mwana wamwamuna, mwana wamkazi, mkazi wamasiye ndi mayi a malemu, aliyense gawo lofanana. Bambo a malemu mulibemo, iwo ali mu Class II, pamenepa ambiri amagwa pamayeso.

Ndiye munthu ukhoza kuganiza kuti 1956 inamaliza nkhani, koma ayi, coparcenary ija anaisiya ili ya amuna. Taonani mmene zinkakhalira. Tinene kuti ku Patna kuli bambo amene ali ndi shopu yochokera kwa makolo ya marupi 1,200,000, mkazi wawo ndi mayi awo anamwalira kale, ana ndi awiri, mnyamata ndi mtsikana. Bambowo akamwalira, khothi linkayerekeza ngati chumacho chinagawidwa atatsala pang'ono kumwalira, theka kwa bambo theka kwa mnyamata chifukwa lake anabadwa nalo, kenako theka la bambolo ndi lomwe ana awiriwo ankagawana. Mnyamata 900,000, mtsikana 300,000, ana a bambo mmodzi. Pamwamba pa izo panali sekishoni 23 imene inkaletsa mwana wamkazi kupempha kuti nyumba yokhalamo banja igawidwe mpaka amuna atafuna okha, ndipo ngakhale kukhalamo kokha ankaloledwa pokhapokha ngati sanakwatiwe, banja lake latha, anasiyidwa kapena ndi wamasiye.

Zigawo zina za dzikolo sizinadikire boma la ku Delhi. Kerala inathetseratu dongosolo la chuma cha banja lonse ndi lamulo la 1975, Andhra Pradesh inalowetsa ana aakazi mu coparcenary ndi lamulo la 1986, Tamil Nadu mu 1989, Karnataka ndi Maharashtra mu 1994, ngakhale kuti amene anali atakwatiwa kale anawasiya. Dziko lonse linadzasintha pa 9 September 2005. Sekishoni 6 yatsopano ikuti mwana wamkazi ndi wa mu coparcenary pobadwa chimodzimodzi wamwamuna, ufulu womwewo ndi ngongole zomwezo, kukwatiwa sikumuchotsa, ndipo sekishoni 23 ija anaifafaniza. Shopu ya ku Patna ija tsopano imayamba yagawidwa patatu, 400,000 aliyense, kenako 400,000 ya bambo ana agawana, aliyense atuluka ndi 600,000.

Vuto linadza pa funso loti nanga ngati bambo anamwalira 2005 isanafike? Apa Supreme Court yomwe inalankhula pawiri. Mu 2015 pa mlandu wa Prakash v. Phulavati inati bambo ndi mwana onse akhale anali moyo pa 9 September 2005. Mu 2018 pa mlandu wa Danamma v. Amar inapereka magawo kwa ana aakazi pomwe bambo awo anamwalira mu 2001. Makhothi aang'ono anasowa chogwira, mpaka pa 11 August 2020 pomwe majaji atatu motsogozedwa ndi Arun Mishra pa mlandu wa Vineeta Sharma v. Rakesh Sharma ananena kuti ufuluwu umabwera ndi kubadwa, tsiku limene bambo anamwalira lilibe ntchito. Chimene chimatsekabe khomo ndi kugawana kapena kugulitsa kumene kunachitika 20 December 2004 isanafike, ndipo majajiwo anachenjeza kuti zongonena pakamwa zoti "tinagawana kale pabanja" zisamalandiridwe wamba popanda zikalata za boma zotsimikizira, chifukwa anadziwa kuti abale ambiri athamangira komweko.

Mpaka apa ndi zomwe mumalemba pa pepala la mayeso. Tsopano mtsikana uja wakwatiwa kutali, bambo amwalira, iye wabwera ku Patna, wapeza pa shopu pali loko watsopano, akafunsa mchimwene wake akuti unasayina kale kuti gawo lako sukulifuna. Zoti ana aakazi amasayina kusiya gawo lawo zimachitika kwambiri ku India, ena mwa kufuna kwawo, ena poopa kuti akakana sadzapondanso kwawo, ndipo chikalata choterocho pa malo kapena nyumba chiyenera kulembetsedwa kuofesi ya boma malinga ndi Registration Act ya 1908. Iye apita kuofesiko, apezadi chikalata chili ndi dzina lake ndi siginecha imene dzanja lake silinalembepo. Apa pabadwa milandu iwiri nthawi imodzi. Woti chuma chigawidwe ndi chikalatacho chithetsedwe ndi wa kukhothi la sivili, ndipo umatenga zaka. Wopeka siginecha ndi kugwiritsa ntchito chikalata chabodza ndi upandu, umayambira kupolisi. Loya amene amadziwa sekishoni 6 yokha amusiya mayiyu panjira.

Pa malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya upandu muli ndi ntchito iwiri anzanga, palibe kuchitira mwina. Code of Criminal Procedure (CrPC) ya 1973, imene inayamba pa 1 April 1974 ndipo inali ndi masekishoni 484, inalowedwa m'malo ndi Bharatiya Nagarik Suraksha Sanhita (BNSS) pa 1 July 2024, iyi ili ndi 531. Tsiku lomwelo Indian Penal Code ya 1860 ndi Indian Evidence Act ya 1872 nazonso zinalowedwa m'malo. Koma milandu imene inali kale mkati tsikulo lisanafike ikupitirira ndi lamulo lakale, ndipo zigamulo zonse zikuluzikulu zinalembedwa ndi manambala akale, ndiye CrPC ndi BNSS muzidziwe zonse. Ine ndizitchula nambala yakale, pomwe pakufunika nditchulanso yatsopano.

Khomo loyamba ndi FIR, lipoti loyamba lolembedwa kupolisi, sekishoni 154 kale, pano 173. Pa milandu imene apolisi angagwire munthu popanda waranti, FIR ndi imene imatsekula kafukufuku, ndipo wodandaula apatsidwe kope lake ulere. Mayi uja akafika pa kauntala yankho limene amakumana nalo kawirikawiri ndi loti izi nzapabanja, pitani kukhothi. Mu 2013 majaji asanu a Supreme Court pa mlandu wa Lalita Kumari anati ngati zomwe munthu wanena zikuonetsa upandu wa mtundu umenewu wapolisi alibe ufulu wokana kulemba, koma muwerenge chigamulocho mpaka kumapeto, chifukwa anasiya mpata wofufuza kaye pang'ono pa nkhani zingapo ndipo mikangano ya pabanja ili mgulu lomwelo. BNSS yawonjezera kuti pa milandu ya chilango cha zaka 3 kufika pansi pa 7, wapolisi atalandira chilolezo cha bwana wake akhoza kufufuza kaye kwa masiku 14. Akakana kulemba, dandaulo litumizidwe kwa Superintendent of Police, mkulu wa apolisi m'deralo, nayenso akangokhala chete pali majisitireti amene angalamule kuti afufuze, sekishoni 156 ndime yachitatu. Chabwino china mu BNSS nchoti munthu akhoza kulembetsa FIR pa polisi iliyonse ngakhale nkhani inachitikira dera lina, iwo ndi amene aitumize koyenera, zimenezi kwa mkazi wokwatiwa kutali ndi kwawo si zazing'ono.

Koma ndodo yomweyi imamenya mbali zonse, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mchimwene uja naye akhoza kuthamangira kupolisi kukanena kuti mchemwali wake ndi mlamu wake athyola loko, alowa mwankhanza, aba katundu, amuopseza, cholinga chake osati chilungamo ayi koma kuti anthuwa akagona mchitokosi usiku umodzi abwere okha kudzapempha kuti nkhani ithe ndipo gawo lawo alisiya. Supreme Court yadandaula kambirimbiri za khalidwe lomaveka mkangano wa katundu malaya a upandu. Mankhwala ake ndi sekishoni 482, pano 528, imene imapatsa High Court mphamvu yothetsa mlandu wopanda mutu, ndipo mlandu wa State of Haryana v. Bhajan Lal unandandalika mitundu isanu ndi iwiri ya nkhani zomwe mphamvuyi ingagwiritsidwe ntchito, umodzi mwa iyo ndi mlandu wotsekulidwa ndi mtima wofuna kubwezera. Podikira zimenezo pali belo yopempheratu munthu asanagwidwe, sekishoni 438, imene imaperekedwa ndi Sessions Court kapena High Court. Chenjerani ndi manambala apa, mu BNSS belo imeneyi ndi imene yatenga nambala 482.

Kugwira munthu nakonso kuli ndi malamulo ake ndipo ndimadandaula kuti ophunzira ambiri amawatenga ngati tinthu tongokwaniritsa mafomu. Pa mlandu wa D. K. Basu mu 1996 khothi linati wapolisi wogwira munthu aoneke dzina lake, alembe memo yokhala ndi tsiku ndi nthawi, isayinidwe ndi mboni komanso wogwidwayo, wachibale kapena mnzake auzidwe komwe ali, ndipo dokotala amuyeze maola 48 aliwonse ali m'manja mwa apolisi. Article 22 ya malamulo oyendetsera dziko ikuti auzidwe chifukwa chomwe wagwidwira, aonane ndi loya, ndipo akaonekere kwa majisitireti pasanathe maola 24 osawerengera ulendo. Mu 2014 pa mlandu wa Arnesh Kumar khothi linati pa milandu ya chilango chosapitirira zaka 7 kugwira munthu kusakhale chinthu choyamba, wapolisi alembe zifukwa zake, apo ayi angopereka kalata yoitanira ya sekishoni 41A. Mkazi asagwidwe dzuwa litalowa kapena lisanatuluke pokhapokha pali chifukwa chapadera ndi chilolezo cha majisitireti, ndipo ngati akufunika monga mboni, sekishoni 160 ikuti afunsidwe komwe amakhala, asaitanidwe kupolisi. Mayi amene akudziwa zimenezi, kapena amene loya wake akuzidziwa, saopsezedwa msanga kuti asayine pepala losiya gawo lake.

Za rimandi ndingodutsa mwachangu. Sekishoni 167 inkalola masiku osapitirira 15 m'manja mwa apolisi, kenako kundende, ndipo apolisi akalephera kubweretsa chikalata cha mlandu pa masiku 60, kapena 90 pa milandu ikuluikulu, woganiziridwa ali ndi ufulu wa belo, bola apemphe chikalatacho chisanafike. Sekishoni 187 ya BNSS yalola kuti masiku 15 aja azitengedwa pang'onopang'ono mkati mwa masiku 40 kapena 60 oyambirira, ndipo ine kusintha kumeneku sindikugwirizana nako, m'dziko limene pafupifupi akaidi atatu mwa anayi alionse ndi ongodikira mlandu si nzeru kutalikitsa nthawi imene munthu angabwezedwe kwa omufunsa mafunso.

Pali sekishoni ina imene ili mu buku la upandu koma ntchito yake yonse ndi ya malo ndi nyumba, 145, pano 164. Apolisi akauza Executive Magistrate, mkulu wa boma wosungitsa bata m'deralo, kuti mkangano wa malo ungabutse ndewu, iye amaitana mbali zonse ndipo funso lake ndi limodzi lokha, ndani anali pamalopo tsiku limene analemba lamulo loyamba. Za umwini safunsa nkomwe. Amene wapezeka kuti anali pamalopo amakhalabe mpaka khothi la sivili litagamula. Ndiye taganizani, mtsikana wathu ali ndi theka la shopu malinga ndi Vineeta Sharma, koma makiyi ali ndi mchimwene wake, pa sekishoni 145 mchimweneyo ndi amene apambane ndipo majisitireti sanalakwitse. Chomwe chingathandize munthu wothamangitsidwa ndi kandime kena kamene kakuti amene anachotsedwa mwankhanza mkati mwa miyezi iwiri nkhani isanafike kwa majisitireti akhoza kuwerengedwa ngati akadali pomwepo. Mkazi wamasiye amene atulutsidwa m'nyumba maliro atangotha nkupita kwawo kukalira miyezi itatu, pobwera mpatawu wapita. Loya amene akudziwa izi amawerenga masiku tsiku loyamba lomwe wakumana ndi munthuyo.

Chimodzimodzi sekishoni 125, pano 144, ya chisamaliro. Iyi siyang'ana chipembedzo, mlandu wa 1985 wa Shah Bano, mayi wachisilamu, unali pa iyo yomweyi, ndipo imathandiza mkazi, ana ndi makolo amene sangathe kudzisamalira. Supreme Court inanena mu 1987 kuti mwana wamkazi naye, ngakhale wokwatiwa, ngati ali ndi chuma chake ayenera kusamalira makolo ake. Koma mkazi wamasiye amene akufuna thandizo kwa apongozi ake aamuna mu sekishoni 125 mulibe dzina lake, njira yake ndi sekishoni 19 ya Hindu Adoptions and Maintenance Act ya 1956, mukalakwitsa khomo mwamutayitsa nthawi munthu amene alibe chakudya. Palinso stridhan, zibangili, ndolo, golide ndi mphatso zina zimene mkazi amalandira pa ukwati ndi nthawi zina, izi nzake yekha, ndipo mu 1985 pa mlandu wa Pratibha Rani v. Suraj Kumar khothi linati mwamuna kapena akuchimuna akakana kubweza ndi upandu wodya chinthu chosungitsidwa, sekishoni 406 ya Penal Code.

Tsopano pali sekishoni imene imandiwawa mtima, 15 ya Hindu Succession Act, ya chuma cha mkazi amene wamwalira osasiya wilo. Oyamba kulandira ndi ana ake ndi mwamuna wake. Ngati palibe, chuma chimapita kwa abale olowa chuma cha mwamunayo, ndipo bambo ndi mayi ake omubereka amabwera pachitatu. Chuma chamasiye chimene analandira kwa makolo ake chimabwerera kwawo ngati alibe mwana, chimene analandira kwa mwamuna kapena apongozi aamuna chimabwerera kuchimuna, izo zikumveka, koma nanga zomwe anakhetsera thukuta yekha? Mlandu wa Omprakash v. Radhacharan wa 2009 ndi umene muyenera kuwerenga modekha. Mayi wina mwamuna wake anamwalira patangotha miyezi itatu ali m'banja, akuchimuna anamuthamangitsa, makolo ake ndi amene anamulandira nkumuphunzitsa, anapeza ntchito, anasunga ndalama zake kwa zaka makumi, anamwalira mu 1996 wopanda mwana ndi wilo. Mayi ake omubereka anapempha chumacho, khothi linati lamulo ndi lomveka, chipite kwa abale a mwamuna, anthu omwe aja sanamuyang'anepo moyo wake wonse. Majaji anati chifundo sichingasinthe mawu a lamulo, ndipo pamenepo sindiwanena, ntchito yosintha ndi ya aphungu. Law Commission ya dzikolo, bungwe lounika malamulo, inalangiza kale mu 2008 kuti sekishoniyi ikonzedwe. Mwamuna akamwalira mayi ake ali pa mzere woyamba, abale a mkazi wake kulibeko nkomwe pa mndandanda, nanga bwanji mkazi akamwalira mayi ake adikire kumbuyo kwa alamu? Chomwe loya angachite pakali pano ndi kuuza mkazi aliyense amene ali ndi kenakake kuti alembe wilo, sekishoni 30 ikumulola, pangofunika siginecha yake ndi mboni ziwiri.

Sekishoni 15 yomweyi ndi imene imatibwezeranso kupolisi mwa njira yoopsa kwambiri. Mkazi akamwalira m'nyumba ya mwamuna wake mosadziwika bwino, amene akuganiziridwa nthawi zambiri ndi yemwe uja ali pa mzere woyamba wolandira chuma chake. Sekishoni 25 ya Hindu Succession Act ikuti amene wapha munthu kapena kuthandizira kupha sangalandire chuma cha wophedwayo, ndipo sekishoni 27 ikuti aziwerengedwa ngati anamwalira iye poyamba. Supreme Court mu 2005 inafika ponena kuti mwana amene anapha bambo ake, ngakhale mkazi wake sangadzere mwa iye kukatenga chuma cha apongoziwo. Koma kuti sekishoni 25 igwire ntchito pafunika umboni, ndipo umboniwo umatoleredwa kapena kutayika masiku oyambirira. Nchifukwa chake CrPC pa sekishoni 174 ndi 176, pano 194 ndi 196, ikuti mkazi akadzipha kapena kumwalira mokayikitsa zisanathe zaka 7 ali m'banja, thupi lipite kwa dokotala likapimidwe ndipo majisitireti afufuze chomwe chamupha. Kwa Ahindu ambiri thupi limatenthedwa msanga, mpata umenewu ukadutsa palibenso chokafukula.

Mudziwenso kuti khothi la upandu likamasula munthu sizitanthauza kuti nkhani ya chuma yatha. Kumeneko wozenga mlandu ayenera kuchotsa chikayiko chonse chomveka, pomwe ku sivili jaji amayeza mbali imene umboni wake ukulemera, ndipo samangidwa ndi chigamulo chomasula chija, akhoza kuunika yekha ngati munthuyo anaphadi. Komanso kuyambira kumapeto kwa 2009 CrPC inapatsa wolakwiridwa ufulu wochita apilo woganiziridwa akamasulidwa, ndi wolemba loya wake kuti athandizane ndi wa boma, ndipo pofotokoza kuti wolakwiridwa ndani lamulolo linaphatikizapo womulera ndi wolowa chuma chake mwalamulo. Ndiye kuti funso loti ndani angaime m'malo mwa malemu pa mlandu wa kupha limakutumizani ku buku la chuma chamasiye, komwe mukapeze kuti makolo a mkazi ali pachitatu, ndipo muyenera kukhala okonzeka kutsutsa aliyense amene angafune kuwatsekera pakamwa ndi mzere umenewo.

Makolo oterowo akabwera kwa inu mwana wawo atamwalira dzulo lake, musayambe ndi kuwerengera magawo. Funsani ngati FIR yalembedwa ndipo kope ali nalo, ngati majisitireti wauzidwa, ngati thupi lapimidwa lisanatenthedwe, ndipo lembani mndandanda wa stridhan yonse pamodzi ndi malisiti ndi zithunzi za pa ukwati zinthuzo zisanayambe kusowa m'nyumbamo. BNSS ikuti apolisi auze wodandaula pomwe kafukufuku wafika pasanathe masiku 90, tsikulo mulilembe pa fayilo ndipo likakwana mukafunse.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu